Timawaya pamimba pa Yohane

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno ku Nsaru tilipo, koma mtima wanga suli m'malo.

Mng'ono wanu Yohane akupumabe ndi makina kuchipatala. Madokotala amumata timawaya pamimba, akuti magetsi ochepa azidzutsa minofu yopumira kuti tsiku lina adzapume yekha. Atsibweni ataona mimba ikunjenjemera anati, "Uyu anatisiya kale, taonani, ngati nyama ya mbuzi yongosendedwa kumene." Pano auza akwaya akonzekere nyimbo za maliro, ndipo akuti Lachisanu tikauze madokotala azimitse makinawo.

Komatu dzulo Yohane anandifinya chala. Kodi maliro amafinya chala?

Chonde aimbireni foni atsibweni lisanafike Lachisanu, inu amakumverani. Ambuye akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Agnesi