Bala la ababa latsala ngati batani

Mayi a ana,

Musadabwe kupeza shopu yotseka, ndathamangira kuchipatala ndi ababa. Mtima m'malo, si zoipa ayi. M'mawa uno nditamasula bandeji ndinayeza bala la kuphazi lija ndi tepi yanga yosokera, monga ndimachitira Loweruka lililonse. Mukukumbukira kuti linali ngati pakamwa pa kapu, mpaka adokotala kuyamba kunena zodula phazi chifukwa cha shuga? Lero latsala ngati batani la malaya! Ababa akuti anamwino alione ndi maso awo lero lomwe, za mawa sakuzimva.

Paja munkandiseka kuti telala angadziwe chiyani za mabala. Miyezi inayi ndakhala ndikutsuka, kupaka jelo womeretsa mnofu uja pang'ono pokha monga anamwino anandiphunzitsira, n'kumanga bwinobwino, osaphonya tsiku. Manja awa sanakhotetsepo msoko, mayi.

Magetsi athima, ndiye jeloyo ndakamusungitsa mufiriji ya aneba yoyendera sola poti safuna kutentha. Akayaka mukamutenge, ntchito yake sinathe. Aphunzitsi akabwerera diresi lawo muwapepesere kwambiri, lili ndi mkono umodzi wokha. Ndimaliza mawa.

Chinanso, nsapato yakumanzere imene ababa anati tiitaye poti sadzaivalanso, sindinaitaye. Ndinaibisa kuseri kwa makina. Itulutseni, muipukute, muiike pakhomo pambali pa inzake. Kuvala sanayambe, koma akamalowa azipeze zili ziwiri.

Ine wanu,
telala yemwe uja