Yokhota inali paipi ya mfuti yanu

Okondedwa bambo a Fumbani,

Muli bwanji ku Joniko? Kuno tili bwino, Fumbani chifuwa chija chinatha.

Koma mtima wanga ukuwawa chomene. Mfuti yanu munasulitsa ku Manyamula ija inaphonya nguluwe katatu m'manja mwa mng'ono wanu Yotamu, uku chimanga chikutha m'munda. Amayi anu anati mfuti ikamaphonya ndiye kuti mkazi wa mwini wake akuyenda ndi amuna ena. Anandinena pamaso pa anthu, ine!

Mfutiyo ndinaikulunga m'chitenje n'kupita nayo ndekha kwa wosula uja. Anachotsa paipi n'kuigubuduza patebulo, ndipo inkayenda modumphadumpha. Anati, "Amama, iyi yakhota. Munatukulira chiyani?" Kunyumba nditamupanikiza Yotamu, anavomera kuti anatukulira ngolo itatitimira m'matope.

Wosula uja anaiwongola paipiyo, ndipo dzulo nguluwe yagwa ndi chipolopolo chimodzi. Nyama adya onse, koma wondipepesa palibe.

Ndapota, alembereni kalata amayi anu, iwerengedwe pabwalo pomwe anandinyozerapo. Mukapanda kutero, mfuti yanu mudzaipeza yowongoka, koma ine ndili kwathu ku Champhira.

Mulungu akusungeni kumigodiko.

Ndine mkazi wanu,
NyaShaba