Kwa Chimbwala Apita Ndani

Lachitatu, 15 Januwale

Sikelo yakumudzi lero. Ana 63, mvula osakata. Ndafika kuchipatala cha m'ma 3, matope mpaka m'mawondo, msonkhano utatha kale. Pa bolodi pepala latsopano: ntchito yopereka vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba kwa ana iyamba pa 3 Febuluwale. Alangizi a zaumoyo tilipo asanu, aliyense midzi yake. Dzina langa lili kwa Chimbwala. Kumalire kwenikweni, makilomita 19, madambo awiri. M'munsi mwake a Pius, otiyang'anira, alemba ndi bolopeni yofiira: "Tonse tagwirizana."

Tonse ake ati? Ine ndinali pansi pa mtengo wa mango kupachika ana pa sikelo.

Kachitatu aka. Msonkhano Lachitatu, sikelo yanga Lachitatu. Pano amene palibe ndiye amasenza.

Lachisanu, 17 Januwale

Kusikelo yanga yapakati. Miyezi isanu ndi umodzi. Anamwino sanabise: "Mayi Anasi, njinga ya mtunda wautali muisiye. Mwaiwala za chaka chatha?" Ndingaiwale bwanji. Mimba ija inapita padera nditangobwerako komweko, kwa Chimbwala. Sindinauze aliyense kuntchito kupatula Imelda.

Ndapita kwa a Pius. Andilandira bwino, mpando andipatsa. Akuti, "Zogwirizana pagulu sindingasinthe ndekha, mayi. Mukanabwera." Ndati msonkhano tiuike Lachinayi, tsiku limene tonse timakhalapo. Akuti Lachinayi amapita ku boma. Akuyankhula akuseweretsa kiyi wa njinga yamoto. Njinga ya chipatala iyo, koma imagona pakhonde pawo, ndipo matope siiwadziwa.

Sindipita. Ndalemba pano kuti ndisadzasinthe maganizo.

Lachitatu, 22 Januwale

Ndinatuma a Luwiza, mlangizi mnzanga, kuti akandiyankhulire pa msonkhano. Kupusa kwanga. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Akuti anayamba mochedwa, kudikira a Pius. Pemphero lalitali. Kenako ola lathunthu kukangana za mayunifomu. Nkhani yanga anaiika ku zina ndi zina, pofika pamenepo anthu ali kale chilili, zikwama m'manja. A Luwiza akuti, "Ndinakweza mkono, asisi, koma sanandione." Aaa! Anthu anayi m'kachipinda kamodzi, osaona mkono?

Miyendo yatupa. Ndaisanjika pa ndowa.

Lamulungu, 26 Januwale

Bambo a kunyumba akuti ndingonena kuti ndadwala tsiku limenelo. Ayi. Ndikanama kamodzi, mwezi wamawa dzina langa lidzakhala pomwepo, bolopeni yomweyo. Ndikufuna ndikawauze pamaso.

Imelda wabwera titaweruka kutchalitchi, ndi chimanga chachiwisi. Akuti, "Lachitatu sikelo yako ndikagwira ndine. Iwe ukakhale pa msonkhanopo, ukatsegule pakamwa." Ndalira pang'ono. Mtsikanayu ali ndi mwana woyamwa, koma sanaganize kawiri.

Lachitatu, 29 Januwale

Ndinafika ndine woyamba. Mpando wa pafupi ndi a Pius, dala. Atalowa anadabwa kundipeza.

Pemphero litangotha sindinadikire zina ndi zina. Ndaimirira, ndanena zonse: miyezi yanga, mawu a anamwino, ngakhale za chaka chatha. Mlangizi mnzathu wina, a Blessings, anaweramira pansi. A Luwiza m'maso muli misozi.

A Pius akuti, "Pepani mayi, sitimadziwa. Zimveka zimenezo." Kenako ayang'ana mpando wopanda munthu. "Ndiye kwa Chimbwala tiwapatse a Imelda. Tagwirizana?"

A Luwiza agwedeza mutu. A Blessings chimodzimodzi. Ndipo ine, Mulungu andikhululukire, mtima unati phee. Ndapulumuka. Mutu wanga unatsala pang'ono kugwedezeka nawo. Ndi momwe zimachitikira kani! Palibe amene amadana nawe, aliyense amangopuma kuti si iye. Imelda nthawi imeneyo ali pansi pa mango wanga, akupachika ana anga, mvula ikumukwapula.

Ndati ayi. Sindikugwirizana, ndipo mulembe kuti Anasi wakana. Munthu amene palibe sitimupatsa ntchito. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, a Luwiza, inunso tsiku lina mudzadwala Lachitatu.

A Pius nkhope yasintha. "Ndiye mukufuna apite ndani? Ana a kwa Chimbwala tiwasiye?" Ine sindinakhale pansi, ngakhale msana umawawa.

Ndiye a Blessings, amene pa msonkhano sayankhula mpaka umaiwala kuti alipo: "Ine nditha kupita, bwana. Koma pa njinga yamoto." A Pius akuti imeneyo ndi yoyendera ntchito. Ndati kwa Chimbwala si ntchito? Tikweze manja. Chiyambireni ntchito pano sitinakwezepo manja, timangogwedeza mitu ngati abuluzi. Mkono wanga m'mwamba. Wa a Blessings. Wa a Luwiza unakwera pang'onopang'ono, koma lero unaoneka.

Pepala ndalemba ndekha. Opita kwa Chimbwala apite pa njinga yamoto. Ovomereza atatu, mayina awo. Okana mmodzi. A Imelda kunalibe, afunsidwa mawa. Msonkhano uzikhala tsiku limene tonse tilipo. A Pius sanasaine. Atuluka osatseka ndi pemphero.

Lachinayi, 30 Januwale

Ndaphatika pepala pa bolodi. Masana ndalipeza pansi. Ndaliphatikanso, ndi misomali iwiri.

Imelda wawonjezera dzina lake, tsopano tili anayi. Ndamuuza zonse, ndi zakuti ndinatsala pang'ono kumugulitsa. Waseka mpaka kugwira chitseko. Akuti, "Ine ndinakugulitsa katatu, iwe, ukanali kusikelo." Kuseka ndaseka, koma zandibaya.

A Pius sanapite ku boma lero. Lachinayi lomwe amati sapezeka.

Loweruka, 1 Febuluwale

Kiyi akadali m'thumba mwa a Pius. Moni sakundiyankha. A Blessings akuti akapanda kupatsidwa kiyi sapita, ndipo a Luwiza ayamba kale kunena kuti mwina tinawonjeza. A Pius akabwera Lolemba n'kunena kuti pepala lakale ndiye lenileni? Ndidzakhala pa benchi ya chipatala, mimba yangayi patsogolo, andinyamule okha. Njinga yanga ndaiphwetsa matayala onse awiri.

Mantha alipo. Koma sindipita.

Lolemba, 3 Febuluwale

6 koloko, ndikusesa pakhomo. Phokoso la njinga yamoto kuchokera kuchipatala. Ndati a Blessings apatsidwa kiyi, ndithamangire kumsewu ndikawabayibitse.

Si a Blessings. A Pius! Jombo mpaka m'mawondo, bokosi la mankhwala alimanga kumbuyo ndi mphira, alunjika njira ya kumalire. Kusiyana n'kupereka kiyi kwa munthu, apita okha. Zaka zinayi ndili pano, kwa Chimbwala sanapondeko.

Ndakweza tsache m'mwamba: "Muyende bwino, bambo! Dambo lachiwiri mudzere kumanzere!" Sanacheuke.

Mwana wandimenya kawiri m'mimbamu, mwamphamvu. Ndakhala pansi pakhonde, ndamugwira. Ali bwino. Midzi yanga lero ndi yapafupi, ndiyenda pansi.