Pepala la Matimu la Chisomo

Lachitatu, Ogasiti. Kwazizira, thupi lalema.

Tsiku lomaliza limene tinakhala bwinobwino ndi amake Chisomo linali ngati lero. Mwana wathuyo, amene ali pasukulu ku Amerika, anali atatumiza pepala lake la chaka ndi chaka, loti tilosere timu ya koleji imene idzapambane m'chigawo chilichonse pa mpira wawo wovala zipewa uja. Ine ndinkafufuza pafoni. Iwo ankangoyang'ana nyama ya pa yunifolomu. "Mkango ungagonje kwa bakha, bambo inu?" anatero akusenda mbatata. M'mawa mwake tinali kuchipatala.

Pepala la chaka chino lakhala milungu iwiri osaliyankha. Lero m'mawa Chisomo anaimba. "Adadi, ngati simukufuna, ndisiya kutumiza." Ndinachita mantha. Chichokereni kumaliro timangofunsana za nyengo, ndipo izi zikatha sindikudziwa kuti tizidzakamba chiyani.

Ndinati asadule. Ndinasankha pomwepo, chigawo ndi chigawo, ngakhale mpirawu sindiumvetsa mpaka pano. "Adadi, timu imeneyo chaka chatha inkangokwapulidwa!" Tinatsutsana theka la ola, mpaka anaseka.

Ndiye ndinamuuza. Zovala za amayi ake ndinazilonga dzulo m'sutikesi, ndapatsira mtsikana wina wakwathu, wokhala dera la Bentley mumzinda uno, amene akupita kumudzi Loweruka, kuti azichemwali awo akagawane monga timachitira. Chisomo anati, "Ndi juzi yofiira ija?"

Ija sindinaike. Ili pampando apa. Mawa ndipita nayo kupositi, ngati miyendo ilola.