Ndamaliza Masamu a Zitsulo Aja

Amayi, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji? Kuno ku Chowe tilipo, kungoti pakhomo panazizira.

Achemwali a Asiyatu anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Chimanga sichinachite bwino, mvula inadula chikumasula ngaiyaye, koma nandolo munadzala uja wabereka. Ababa ndiwo akutidetsa nkhawa. Chichitireni sadaka yanu sanapondenso kumunda, ndipo makutu ayamba kuwavuta. Ndikamawalankhula amangondiyang'ana pakamwa.

Masamu aja ndinamaliza. Munkauza anzanu kumsikiti kuti mwana wanu amawerengera kulira kwa zitsulo, iwo n'kumaseka, koma simunkanama. Ndinkafufuza mmene chitsulo chopyapyala chimanjenjemerera chikamenyedwa, makamaka chija chimanka chisongoka mpaka kuthera pansonga ngati ya singano. Vuto limakhala pansongapo. Kunjenjemera kukamayandikira pamenepo kumayenda mozengereza, moti masamu a masiku onse amakanika kunena kuti chitsulocho chilira motani. Ndinalimbana nazo mpaka kuwonda, ndipo yankho linatheka sabata yomwe munagonekedwa m'chipatala kuboma. Ababa anandibisira kuti matenda akula, poopa kundisokoneza. Ndinanyamuka ndi chimwemwe kudzakuuzani, koma ndinapeza jeneza lonyamula thupi lanu likutuluka pakhomo. Ndinangoponya chikwama pansi n'kulowetsa phewa.

Tsiku lolandira digiri anzanga ankajambulitsa ndi amayi awo. Ine ndinaima chapatali, nditapinda m'manja chitenje chija munagula ku Chiponde kuti mudzavale tsikulo. Wina anandifunsa ngati ndikudikira munthu. Ndinangovomera.

Tsopano aphunzitsi anga andipezera malo kunja kuti ndikapitirize kafukufukuyu. Ndikudziwa kuti mukanandikankha, paja munkati mwanapiye sakulira m'dzira. Komatu ndinu nomwe munkatinso wodwala sasiyiridwa anansi. Ndagona nawo mawu awiriwa masiku ambiri, kenaka ndawapempha aphunzitsiwo kuti andidikire. Andiyankha mosabisa kuti malowo mwina apatsa wina. Zandiwawa, Amayi, sindikunamizani. Padakali pano ndikuphunzitsa masamu pasekondale ina kuboma, ndipo ndimabwerera kumudzi pa kabaza dzuwa lisanalowe.

Ababa sindinawauze za malo akunjawo, ndipo sindiwauza. Dzulo tikudya anandiitana ndi dzina lanu, kenaka anazindikira, n'kusamba m'manja chakudya chikadalipo.

Ndimakukondani, Amayi. Ndikulonjeza kuti malinga ndili moyo, ababa sadzadya okha.

Ndine mwana wanu,
Yusufu