Eda ya Zulfa ndi Nambala 9

Lachiwiri, 8 July

Dorica 10:14
ndakulembetsa kale. uli nambala 9, loweruka 2 koloko ku holo kuno ku balaka. usandiuze zambiri

Zulfa 10:31
wandilembetsa chani iwe

Dorica 10:32
audition ya sewero la gulu lathu lija. loimba, loseketsa, Chambo Wathawa. a Mike a director akufuna mayi wogulitsa nsomba, wapakamwa, woti akaimba pa baraji minibus ziziima zokha. nde ndani wina ku liwonde konse

Zulfa 10:33
kkk wapakamwa ndine eti

Dorica 10:33
zaka seveni ukukuwa chambo chambo pamsewu paja. ku ukwati kulikonse mic amakulanda mochita kupempha

Zulfa 10:50
Dori ndili pa eda. waiwala? sindituluka pakhomo pano mpaka itatha

Dorica 10:51
sindinaiwale. ndimayesa ikutha week ino

Zulfa 10:58
mwamuna akamwalira timakhala miyezi inayi ndi masiku khumi. Idrisa anatisiya pa 5 march. ndawerenga pa kalendala ya pakhomayi kangapo, ikutha lachiwiri pa 15

Dorica 10:59
masiku atatu enieni audition itadutsa. aaa

Dorica 11:00
tangozemba. udziphimbe bwinobwino, minibus yake si ya tsiku lonse, palibe angakuzindikire

Zulfa 11:20
iyayi. ndakhala nthawi yonseyi osavala ndolo, osadzola zonunkhira, osafika olo ku chigayo. ndiononge zonsezo chifukwa cha masiku atatu? ndi ulemu wake womaliza umenewu

Zulfa 11:21
komanso apongozi ali pompano chibwerereni ku nayuchi pa maliro. abiti Laisi amamva olo chitseko cha bafa chikalira

Dorica 11:22
pepa mzanga. ndalankhula zopanda mutu

Zulfa 11:40
koma ndisakunamize, part imeneyo ndikuifuna. ndatopa ndi anthu ondilankhula monong'ona ngati ndagonekedwa ku chipatala. ndikufuna wina andiseke

Dorica 11:41
ndiwafunsa a Mike ngati angakudikire

Lachitatu, 9 July

Dorica 08:05
ona zomwe ayankha

Dorica 08:05
↪ Mike: Dorica, muwapepese mayiwo pa zomwe zinawaonekera. Koma casting tikutseka Loweruka, Lolemba rehearsal, show ndi pa 30 August. Voice note siyikwanira, comedy timaonera nkhope ndi miyendo. Ndikadikira mmodzi, ena 20 andifunsa zomwezo.

Dorica 08:06
ouma ngati makaka bambo amenewa

Zulfa 08:30
sakulakwa. basi zisiye

Dorica 08:31
dzina sindifufuta. imva kaye nyimbo yake

Dorica 08:33
🎤 mawu 1:12

Zulfa 12:47
🎤 mawu 0:54

Dorica 12:55
iwe. ndaseka mpaka singano ya makina yatsala pang'ono kundisoka chala. customer akundiyang'ana ngati ndapenga

Dorica 12:55
bwanji ukuimba chonong'ona, ndi chani chikulira kumbuyoko

Zulfa 12:57
mbale. ndili kuseri kwa kitchen ndikutsuka

Zulfa 12:58
verse yachiwiri ndasintha. amene analemba sanagulitsepo nsomba. ndani amati gulani chonde? timati bwana mwayang'ana kale, chambo wakuonaninso, musamuchititse manyazi

Dorica 12:59
kkkkkk ndiwe mfiti

Zulfa 13:02
amayi andipeza, apongozi aja

Zulfa 13:02
anaima kumbuyo kwanga sindikudziwa nthawi yaitali bwanji. ndinali ndikuvinitsa chikombe

Dorica 13:03
ati chani

Dorica 13:20
Zulfa

Dorica 16:45
ndayimba kawiri. tangondiuza kuti uli bho

Lachinayi, 10 July

Dorica 07:10
wadzuka bwanji

Dorica 09:38
ngati ndakuputira mlandu ndibwera ndekha ndiwagwadire amayiwo. ndine ndinatumiza nyimbo

Zulfa 14:16
ndilipo. khala pansi kaye

Dorica 14:16
ndakhala

Zulfa 14:21
dzulo anangolowa kuchipinda kukagona. lero titaswali mmawa andiitana pa mkeka, akuti nyimbo ija ndi ya chani. ndawauza zonse, za holo, za nambala 9, zoti ndakana chifukwa eda ikutha lachiwiri

Zulfa 14:22
akuti wawerengera pati. ndawalozera kalendala. akuti eda sitiwerengera pa chipepala cha ogulitsa feteleza

Dorica 14:23
kkk sorry. nde?

Zulfa 14:27
timawerengera mwezi wakumwamba. Idrisa anamwalira tikusala, pa 5 ramadani. miyezi imeneyo ndi yaifupi kusiyana ndi ya pa kalendala. atuma munthu kwa a shehe kukatsimikiza, yankho labwera pompano

Zulfa 14:27
ikutha mawa Dori. lachisanu

Dorica 14:28
🎤 mawu 0:09

Zulfa 14:29
usakuwe choncho foni ili pa loud

Dorica 14:30
dikira. iwowo amadziwa nthawi yonseyi? amakuona ukuchonga kalendala osanena?

Zulfa 14:41
amadziwa

Zulfa 14:44
akuti eda ikatha ntchito yawo pano yatha, abwerere ku nayuchi. kumeneko ali okha, Idrisa anali mwana mmodzi yemweyo. akuti ndinaona walakwitsa ndi masiku anayi, ndinati ndikubere amenewo, Mulungu andikhululukira

Zulfa 14:45
ndinakwiya. kenako ndawaona akupukuta maso ndi nsonga ya mpango, mkwiyo wonse wathera pomwepo. talira tonse

Dorica 14:52
eish. nanenso ndalira pa nsalu ya eni ake

Dorica 14:53
nde aululiranji

Zulfa 14:55
akuti nyumba ino sinamve nyimbo miyezi inayi, ndipo mwana wawo sanakwatire mkazi wachete

Lachisanu, 11 July

Zulfa 15:30
zatha. azimayi anabwera, pemphero la dua lachitika, ndasamba, ndavala chitenje chachikasu chija unandisokera chaka chatha

Zulfa 15:31
ndolo zimakana kulowa, mabowo anayamba kutsekeka. amayi achita kukankha, ndakuwa

Dorica 15:33
📷 plz

Zulfa 15:40
mawa uona wekha. ndinayenda mpaka pamsewu. kodi liwonde inali yaphokoso chonchi kale?

Zulfa 15:42
amayi alongeza kale chikwama chawo, akuti akwera sitima ya week ya mawa. koma ku balaka akuti tipita limodzi

Dorica 15:43
abiti Laisi ku audition? a Mike akonzeke

Loweruka, 12 July

Zulfa 11:52
takwera. minibus ikudikira anthu atatu kuti idzaze

Dorica 12:40
muli pati

Zulfa 12:41
pomwe paja. kondakitala akuti atsala awiri. amayi amuuza kuti akapanda kunyamuka atsika akwere pa mpando wa driver

Zulfa 12:49
tanyamuka kkk

Dorica 14:05
tayamba. anthu adzaza, ena achokera ku utale pa njinga

Zulfa 14:31
tafika. tili panja pa mtengo wa mango

Dorica 14:32
lowa nde, ali pa nambala 6

Zulfa 14:38
sindilowa Dori

Zulfa 14:39
ndaona azimayi awiri a kwathu pa line. mawa liwonde yonse imva kuti namfedwa watuluka eda dzulo lero akugwedeza chiuno pa stage. adzati ndimangodikira

Dorica 14:40
masiku ako wakwanitsa onse, palibe lomwe wadumpha. amene akufuna kuwerenga akawerenge

Dorica 14:47
nambala 8 wakwera. akuimba ngati mbuzi yomangidwa pa njinga, satenga nthawi

Dorica 14:51
Zulfa akuitana 9

Dorica 14:51
aitananso

Dorica 14:52
ndawauza a Mike kuti uli ku toilet. ndanama mu holo ya tchalitchi chifukwa cha iwe

Dorica 17:26
mwafika bwino? munathawa ndisanakugwire

Zulfa 17:44
tafika. amayi amaopa mdima pamsewu

Dorica 17:45
unalowa bwanji kodi, ine ndinali nditataya kale mtima

Zulfa 17:47
anandikankha pamsana. akuti sindinakwere minibus ndi mawondo awa kudzaona chitseko

Dorica 17:48
kkkkk. ndipo unawagulitsa chambo a Mike enieniwo, mpaka anapisa mthumba

Zulfa 17:49
ndinaiwala line yachitatu

Dorica 17:49
palibe anadziwa. ona izi

Dorica 17:50
↪ Mike: Muwauze a nambala 9 kuti part ndi yawo. Lolemba 3 koloko asachedwe. Verse yawo ija tiisunga, yanga ndang'amba.

Zulfa 17:58
alhamdulillah

Zulfa 17:59
dikira ndikawauze amayi

Dorica 18:00
unawaona apongozi ako mmene amasekera? mpando wachitatu, mpango mpaka kugwa. azimayi a kwanu aja amayang'ana iwo, kenako nawonso anayamba kuwomba mmanja

Zulfa 18:06
ndinawaona. chimwalirireni mwana wawo sindinawaonepo mano

Zulfa 18:15
ndawauza kuti ma lines ndi ambiri, ndikufuna munthu wondimvetsera madzulo aliwonse mpaka show ya pa 30 august. ndati sitima sithawa

Dorica 18:16
avomera?

Zulfa 18:31
angodzuka pa mkeka

Zulfa 18:32
ali kuchipinda, akutulutsa zovala mchikwama