Ana Asatsogole pa Bwalo la Kapela

Petauke, Zambia
Novembala 1994

Alongo anga a Virgílio,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji kumudziko ku Malowera, inu ndi alamu anga a Lurdes? Chifuwa chija chinakusiyani, kapena mukadakhosomola ngati galu womeza fupa? Ine kuno ndilipo. Bondo lakumanzere ndilo likukana kubwerera ku Mozambique, ndiye ndimalinyengerera ndi madzi otentha. Mwana wanga Inês ndi mwamuna wake Mnsenga uja akundisunga bwino, kungoti ndiwo zawo mchere amachita kuuonetsa patali.

Sabata yatha ndinapita kukampu kuja tinkakhala othawa nkhondo. Kwasanduka bwinja. Makamiyau, malole akuluakulu aja, anatuta anthu onse, zitseko anazula, kwatsala agalu amene eni ake anawasiya. Amalira dzuwa lili pamutu, atayang'ana njira ya kwathu. Sindinakonde kumva zimenezo.

Tsopano imvani chimene ndagwirira pensulo, ine amene sikola ndinangoinunkhiza. Bento, uja amabwera kuno pa njinga ndi nsomba zouma, wandiuza za mwana wanga Zacarias. Akuti chibwerereni wakhala katekista, ndipo waumirira kuti mapemphero a Natale, tsiku la kubadwa kwa Ambuye, achitikire pa kapela yathu yakale, osati pansi pa mtengo pamene mukupempherera. Akuti padzakhala mdipiti kuchokera kumsewu mpaka pakhomo pa kapela, ana patsogolo, akuluakulu pambuyo. Ndipo wotsogolera nyimbo, woyamba pa mzere, ndi Laura mdzukulu wanga, mwana yekhayo amene malemu Edite wanga anandisiyira.

Alongo, nonse kumeneko mwadwala mutu umodzi? Mwaiwala kuti matropa, asilikali aja, anagona m'kapela imeneyo nyengo yaitali chifukwa cha zipupa zake za njerwa? Musandifunse kuti anali a mbali iti, bomba silifunsa khadi la chipani. Pamene msilikali wagona, amadzala mamina, mabomba okwirira pansi, mozungulira monga ife tidzalira chinangwa. Ndipo pochoka sakolola.

Bento akuti Zacarias anatentha udzu pabwalopo, china chake chinaphulika pamoto, anthu n'kululutira kuti paphulika zonse. Kenaka anapitikitsirapo mbuzi, mbuzi zinadutsa bwinobwino. Basi iye akuti malo ayera. Ife tisanachoke kukampu anabwera anthu otola mamina ndi zithunzi, inu munalipo, munakhala kutsogolo mutatsegula pakamwa. Ananena kuti moto umapsereza pamwamba pokha, za pansi zimatsala zili maso. Ananenanso kuti mbuzi imaponda ndi kaphazi kochepa, ikhoza kulambalala pamene munthu adzaponde. Nanga chizimalupsa chikagwa, dothi n'kufewa, udzu watsopano n'kuphimba zonse, adzaona chiyani mwana amene maso ali kumwamba akuimba?

Chimene chandiwawa kwambiri ndi mawu ake. Bento atamufunsa, akuti anayankha kuti iye anadutsa m'nkhondo yonse osakandika ngakhale chala chifukwa sanasiye kupemphera ndi kusala kudya, ndiye chisomo cha Mulungu chili pa iye, ndipo woopa bwalo la kapela alibe chikhulupiriro. Mwana ndinabala ndekha ameneyu, koma apa walankhula ngati wadya chamba.

Mumukumbutse za tsiku tinathawa. Iye anali atatsogola kale ndi amuna anzake, sanaone. Ife amayi tinali pa mzere m'kanjira ka kudambo, mitolo pamutu, dzuwa likuswa mtengo. Patsogolo panga panali a Georgina. Inu mukuwadziwa, mayi amene sanatukwanepo ngakhale nkhuku, amene odwala onse a m'mudzi anadya phala la m'manja mwawo. Ankayenda korona ili m'manja, milomo ikugwedera. Ine pambuyo pawo ndinali kukoka mbuzi yanga yamakani ija, ndipo itakana kuyenda ndinaima n'kuyamba kuitchula mayina amene sindingalembe m'kalata. Poima ine apo, iwo anapitirira. Ndinangomva dziko lang'ambika.

Tsono Zacarias andiuze. Wopemphera anagona m'dambo, wotukwana mbuzi ndi uyu akulemba kalata. Ndani anali woyenera? Ngati chisomo ndi malipiro a mapemphero, ndiye kuti Mulungu anasokoneza mayina tsiku limenelo. Koma Mulungu sasokoneza. Pa katekisimu apadri akale ankatiphunzitsa kuti ndi chaulere, ndipo chaulere sichigulidwa, sichisungidwa m'thumba ngati chithumwa choti uzipita nacho kukaputa njoka. Ine masiku amene ndakhala kuchokera tsiku lija ndinangopatsidwa, sindinawagwirire ganyu. Ndikadzuka m'mawa ndimadziwa kuti ndikudya za eni.

Ndipo asaganize kuti a Georgina chisomo chinawaphonya. Ndinawagwira mutu pamiyendo panga mpaka anatsirizika. Sanatemberere amene anakwirira chinthucho. Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Argentina, usalire, Ambuye analipira kale ulendo wanga. Iwe uwauze anawo aziponda pamene paponda mnzawo.” Anatero basi. Tinatuluka m'dambo muja aliyense akuika phazi m'phazi la mnzake, ndipo palibenso anafa. Chisomo tsiku limenelo chinabwera kawiri, china kudzawatenga iwo, china kudzera pakamwa pawo kutipulumutsa ife. Nanga lero tichite kutaya mawu amenewo chifukwa mwana wanga wavala mtanda waukulu pachifuwa?

Iye amawerenga kuposa ine. Akudziwa kuti ngakhale Ambuye Yesu, atawaimika pamwamba pa kachisi kuti adumphe angelo awawakhe, anakana. Mwana wa Mulungu anatsika ndi miyendo, koma mwana wa Argentina akufuna kuyesa angelo ndi miyendo ya ana a eni. Magazi otipulumutsa anakhetsedwa kale pamtanda. Kumwamba sakufunanso ena a mwana wa Edite.

Ndikudziwa chimene chikumuvuta. Bambo ake anaumba nawo njerwa za kapela imeneyo, ndipo iye anabatizidwira momwemo. Akaiona ili m'tchire mtima umamupweteka. Inenso umandipweteka. Koma kupweteka kwa mtima asakutche chikhulupiriro. Mulungu amene anatipeza pansi pa matenti a kukampu sangasochere pofuna mtengo wanu wa ku Malowera.

Pempho langa ndi limodzi. Inu ndinu atsibweni ake, ndinu mwini mbumba, ndipo Laura ndi wa m'manja mwanu. Muitaneni Zacarias, osati pagulu, angachite manyazi n'kuuma khosi. Mumuuze kuti pabwalo pa kapela pasaponde munthu, kaya mwana kaya wamkulu, kaya wokalambula ndi khasu, mpaka atabwera otola mamina aja. Bento akuti anthu amakalembetsa malo otere kuboma ku Fíngoè. Zacarias ali ndi njinga ndi pakamwa, apite akalembetse. Akachedwa chaka, chichedwe. Yesu adzabadwa pansi pa mtengo, anazolowera kale kubadwira pabwalo.

Ndimakudziwani, alongo. Mumati mukaona munthu wakweza mawu, inu mumayamba kufunafuna fodya wanu. Ulendo uno musafune fodya.

Akakana, mumuuze izi. Ndalankhula kale ndi woyendetsa kamiyau ya chimanga, adzandisiya kumalire, kwinako ndidzakwawa. Ndidzafika Natale isanakwane. Tsiku la mdipiti ana onse adzaima kumsewu, ndipo patsogolo padzakhala ine mayi wake, ndi ndodo yanga ndi bondo langa lowola. Ndidzayenda pang'onopang'ono, uku ndi uku, bwalo lonse, iye ataima akuonerera. Ngati ali wotsimikiza kuti malo ayera, sadzandigwira mkono. Akandigwira, ndiye kuti mumtima mwake akudziwa, ndipo chimene sangalole pa mayi ake asachilole pa mwana wa mlongo wake.

Masiku ano ndikumalota a Georgina. Amangoima m'mphepete mwa njira atayang'ana pansi. Ine sindine womasulira maloto, koma ndikadzuka chakudya sichilowa.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Lurdes, kwa apongozi anga, akazi a Zacarias, kwa ana anu onse ndi adzukulu, ndi kwa a Amadeu ngati kachasu wawasiyako ndi moyo. Zacarias yemwe mumupatse moni, mumuuze kuti ndimamupempherera kuposa mmene ndimamukalipira. Inês akuti moni nonse.

Laura musamuuze zambiri, angaope. Mungomuuza kuti agogo ake anagulitsa mtedza n'kumugulira nsapato zoyera za Natale, ndipo Bento abwera nazo pamodzi ndi kalata ino. Ndagula ziwiri, alongo, ya kumanja ndi ya kumanzere. Muonetsetse kuti zonse ziwiri zili ndi ntchito chaka chamawa.

Chisomo cha Ambuye chikusungeni, ndipo chikupatseni pakamwa.

Ndine mlongo wanu,
Argentina